Kagalimoto kopitira kuntchito: momwe ndinasankhira

Ndimakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ntchito ndimagwira ku Old Town. Nditatopa ndi kudikira minibasi mbandakucha, ndinatenga ngongole kuntchito n'kuphatikiza ndi zomwe tinasunga ndi mayi a kunyumba. Ndalamazo zinali zokwana kagalimoto kakang'ono basi.

Poyamba ndinkafuna kuitanitsa ku Japan. Pa intaneti mtengo umaoneka wabwino, koma umenewo ndi wofikitsa galimoto padoko la Dar es Salaam. Uwonjezepo woyendetsa kudzafika nayo kumalire a Songwe, msonkho wa MRA womwe umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndiye madola oti ulipirire, omwe kubanki ndi osowa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masamu anga onse anasokonekera. Ndinaganiza zogula yomwe ili kale kuno.

Mtima unali pa Daihatsu Mira. Injini yake ndi 660cc, mafuta imangonyambita, ndipo aliyense amene anagonapo pamzere wa petulo akudziwa kufunika kwa zimenezi. Koma ndinapempha mnzanga kuti tiyende pa Mira yake mpaka kwathu nthawi ya mvula, tili anayi. Titasiya tala, pansi panayamba kukhula m'maenje, pachitunda ikuchita kulira. Mira ndi yabwino kwa munthu woyenda yekha pamsewu wabwino. Ine ndili ndi ana awiri opita kusukulu, komanso thumba la chimanga lochokera kumudzi limafuna malo.

Ndinapita ku Biwi kwa makaniko amene amakonza galimoto ya alamu anga. Anandiuza kuti, "Achimwene, musayambe ndi kufunsa mtengo wa galimoto. Zungulirani mashopu ano mufunse mtengo wa masipeya ake." Ndinazunguliradi tsiku lonse Loweruka. Za Toyota Vitz ndi Passo zinali paliponse, zatsopano ndi zakale zomwe. Passo ya 1000cc ili ndi injini yofanana ndi ya Vitz ya 1000cc, ya masilinda atatu, choncho chikawonongeka suvutika kusaka. Honda Fit ndinaikonda chifukwa cha malo ake, koma mtengo unandipitirira.

Passo yoyamba yomwe dobadoba wina anandionetsa inali yonyezimira, injini yotsukidwa bwino, itatenthetsedwa kale. Makaniko uja anakana kuiona choncho. Tinabwerera m'mawa mwake injini itazizira, ndipo poliza inatulutsa utsi wabuluu, chizindikiro choti ikudya oyilo. Pakanapanda iyeyo ndikanalipira tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe.

Yachiwiri inali ya mayi wina wa ku Area 18, yopalika pachitseko koma injini ili bwinobwino. Tinaikweza pajeki, tinaona mashoko ndi dzimbiri, tinaiyendetsa mumsewu wa M1 mpaka ku Kanengo kumvetsera ngati giya ikusintha mosagwedeza. Nambala ya chasisi tinaifananitsa ndi ya mu blue book, dzina la m'bukumo n'kulifananitsanso ndi chiphaso cha mayiwo. Ndalama ndinapereka titapita limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini. Kenako inshuwalansi ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Ndinasiyako ndalama pang'ono dala, ndipo zinathera pa oyilo, mafyuluta ndi matayala awiri akutsogolo. Lolemba lotsatira ana anafika kusukulu belu lisanalire, nsapato zilibe matope.