Jaji Andrew Nyirenda ndi Chaka cha 2020

Mwa onse amene anakhalapo pa mpando wa mkulu wa majaji m'Malawi muno, ine ndimaona kuti a Andrew Nyirenda ndiwo anayesedwa kwambiri. Iwo anabadwa mu 1956, anaphunzira zamalamulo ku Chancellor College ku Zomba, kenako anakawonjezera maphunziro ku yunivesite ya Hull ku England. Atatumikira kwa zaka zambiri ngati loya wa boma, anasankhidwa kukhala jaji wa khoti lalikulu, ndipo pambuyo pake anakwezedwa kupita ku khoti la apilo, kumene mlandu ukagamulidwa palibenso kwina kokadandaula.

Ambiri tinayamba kulimva kwambiri dzina lawo mu 2012, pamene Pulezidenti Joyce Banda anawapatsa ntchito yotsogolera kafukufuku wa imfa ya Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic amene anapezeka atafa pasukulupo mu September 2011. Apolisi anali atanena kuti mnyamatayo anadzipha, koma gulu la a Nyirenda litamva maumboni linapeza kuti anachita kuphedwa. Kutsutsa poyera mawu a apolisi pa nkhani imene inkakhudza anthu amphamvu sinali ntchito yopepuka.

Mu 2015 Pulezidenti Peter Mutharika anawasankha kulowa m'malo mwa mayi Anastasia Msosa ngati mkulu wa majaji, ndipo Nyumba ya Malamulo inavomereza. Mfundo imeneyi ndimafuna kuti tisamaiiwale, chifukwa munthu amene anawaika pampando ndi yemweyo amene mlandu wake unadzafika pamaso pawo patapita zaka zisanu. Chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019, chimene mapepala ake ena a zotsatira anafufutidwa ndi Tippex, chinathetsedwa pa 3 February 2020 ndi majaji asanu: Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Mike Tembo. Chigamulocho chisanaperekedwe, a Nyirenda anali atakanena kale ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB kuti pali anthu amene ankafuna kupereka ndalama kwa majajiwo, m'malo mongoisunga nkhaniyo mumtima monga ena akanachitira. A Mutharika pamodzi ndi bungwe loyendetsa chisankho atachita apilo, khoti lotsogozedwa ndi a Nyirenda linagamula pa 8 May kuti chisankho chichitikenso, ndipo linatsimikiza kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse.

Zimene zinatsatira ndi zimene zimandikhudza mtima kwambiri. Pa 12 June, kutangotsala masiku ochepa kuti anthu akavotenso, mlembi wamkulu wa boma, a Lloyd Muhara, analengeza kuti mkulu wa majajiyu apite kutchuthi mpaka tsiku lake lopuma pantchito, ponena kuti masiku ake a tchuthi anali atachuluka. Chifukwa chimenechi chinkamveka ngati nkhani wamba ya mu ofesi, koma ambirife tinaona kuti cholinga chinali kuwachotsa munthu amene akanadzatsogolera khoti ngati chisankho chatsopanocho chikanabweretsanso mlandu. A Nyirenda sanayankhe ndi mawu aukali ndipo sanachite ndale; nthambi ya makhoti inangofotokoza kuti iwo apitiriza ntchito yawo, popeza boma lilibe mphamvu pa tchuthi cha jaji. Khoti lalikulu linapereka chiletso, ndipo maloya anayenda m'misewu ya m'mizinda yathu atavala mikanjo yawo yakuda pokana mchitidwewo.

Ena amati ulemu wonse uyenera kupita kwa majaji asanu aja, amene analandira mphoto ya Chatham House, bungwe la ku London lofufuza nkhani za mayiko, chaka chomwecho, ndipo sindikutsutsa kuti anaiyenera. Komabe chigamulo chawo chikanatha kugwa pa apilo, kapena kusanduka pepala lopanda ntchito, chikanakhala kuti wowatsogolera anali munthu wogwedezeka msanga. Chisankho chinachitika pa 23 June, a Lazarus Chakwera anapambana, ndipo khoti lalikulu linadzagamula kuti kuyesa kuwachotsa a Nyirenda kunali kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Iwo anapuma pantchito kumapeto kwa 2021 atakwanitsa zaka 65 monga lamulo linkanenera, ndipo a Rizine Mzikamanda ndiwo analowa m'malo mwawo.