Laputopu kapena desktop? Kani nkhani ili pa fayilo

Abale mtima wakhalako pansi pang'ono tsopano. Funso loti pa editing ya mavidiyo munthu agule laputopu kapena desktop lakhala likundizunguza mutu chiyambire kosi, ndipo chomwe chandimasula sichikhudzanso makinawo kwenikweni, ndi fayilo yomwe ukuponyamo.

Za RAM ndi SSD sindinena, nonse mukudziwa kuti 8GB ya RAM pa DaVinci Resolve, pulogalamu yomwe timadulira mavidiyo, nkudzizunza. Chomwe chinkandibalalitsa ine nchoti kavidiyo ka pafoni, kochepa ma MB, kamajemetsa timeline (mzere womwe timayalapo mavidiyo podula) kuposa chifayilo chachikulu. Nde mvetserani. Mafoni ndi makamera ambiri omwe timajambulira maukwati ndi zinkhoswe amasunga mu codec (kasungidwe ka vidiyo) ya H.264 kapena H.265, ndipo mmenemo sikuti chithunzi chilichonse chimasungidwa chathunthu ayi. Amasunga chimodzi chathunthu, zotsatirazo amangolemba zomwe zasintha, mkono wasuntha apa, mkwatibwi watembenuka apo, basi. Ndiye iwe ukakoka playhead (kamzere kosonyeza pomwe uli mu vidiyo) kubwerera mmbuyo, kompyuta imayamba kaye yasaka chathunthu chija nkuwerengera chimodzichimodzi mpaka pomwe waimapo, ndipo ikakhala 4K, 3840 x 2160, madontho ake ndi kanayi kuposa a 1080p, ntchitoyo si yamasewera. Laputopu imatentha, fani nkumalira, purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzitsitsa yokha liwiro kuti isapse, makamaka mwezi wa Okutobala uli mkachipinda ka malata, kenako tonse nkumati laputopu njachabechabe.

Desktop imapambana pamenepo chifukwa ili ndi kopumira, mafani akuluakulu, komanso imakoka magetsi mmene yafunira. Dzina lisakunamizeninso, GPU (card yoyendetsa zithunzi) ya RTX 3060 ya mu laputopu ili ndi memory ya 6GB pomwe ya desktop inatuluka ndi 12GB, dzina lomwelomwelo.

Koma proxy abale, proxy! Mu Resolve umangosankha ma clip mu Media Pool, Generate Proxy Media, utaika kale mu Project Settings codec ya DNxHR LB pa half kapena quarter ya kukula kwa chithunzi, iwe nkupita kukadya nsima. Imakupangira makope opepuka omwe chithunzi chilichonse nchathunthu pachokha, palibenso zowerengera chammbuyo zija. Zili ngati telala amene amayamba wadula pa pepala asanakhudze nsalu ya mwini, umadula ndi kulumikiza pa makopewo, pa export, potulutsa vidiyo yomaliza, Resolve imakatenga mafayilo enieni aja. Laputopu yobwereka yomwe inkaima njii ndikangoika ma clip awiri pamwamba pa linzake, pano ikuyenda myaa, mawu ndi milomo zikugwirizana. Ine ndikuti aliyense amene akudandaula za makina ayambe wayesa proxy asanagulitse mbuzi, ndipo ndikanakhala ine ndikuphunzitsa bwenzi ili phunziro loyamba, ngakhale kudula kusanayambe. Amadya malo pa disk inde, koma disk yapadera njotchipa kuyerekeza ndi kompyuta yatsopano.

Chomwe chikundinyansa nchoti aphunzitsi athu zonsezi amazidziwa. Ukawafunsa amangoti "gulani desktop yamphamvu" nkupitiriza za ma transition, ngati ndalama timatola. Teremu yonse tathera pa ma shortcut omwe munthu atha kuwapeza yekha pa YouTube, za codec anangozitchula chodutsa belu litalira kale. Labunso timalowa mosinthana, ukangoyamba kumvetsa kanthu wina wafika kale pambuyo pako akudikira mpando, ndiye uphunzira nthawi yanji.

Pano pomwe ndaima mutu sunagwirebe bwino. Proxy imathandiza podula, koma pa render yomaliza (kompyuta ikamapanga vidiyo yathunthu) ndi pa colour ukayamba kuunjika ma node (masitepe okonzera mitundu), GPU ndi yomwe imalankhula, ndipo apo desktop ilibe mnzake pa mtengo womwewo, mawa utha kungochotsa card nkuika ina. Laputopu GPU yake ndi yomweyo mpaka kufa. Komanso magetsi athuwa, akathima render ili pakati desktop yopanda UPS (batire yogwirizira magetsi akathima) yagona pomwepo uyambirenso, pomwe laputopu imakoka ndithu ndi batire ngakhale ikangochoka pa chaja imafooka. Ndipo kasitomala wa ukwati amafuna umupititsire kwawo akaonere ndi apongozi omwe. Ndalama ndili nazo za chimodzi chokha. Mmawa ndimadzuka ndili wa laputopu, pofika madzulo ndikufunsa mitengo ya UPS, kaya mwina ndidikire kaye ndigwire ukwati umodzi wa 4K ndione ngati proxy yomweyi indipirire mpaka kumapeto.