Tsiku limene pweza wakufa anandigwira dzanja

Ku Dar es Salaam ndinapita kukatenga galimoto kudoko, koma mapepala atachedwa ndinatha sabata yathunthu kwa msuweni wanga. M'mawa wina ndinatsikira kumsika wa nsomba wa Kivukoni n'kugula pweza wa kilo imodzi, nyama ya m'nyanja yamchere ya miyendo isanu ndi itatu ija azungu amati octopus, wongophedwa kumene. Mayi wogulitsayo anandifotokozera kakonzedwe kake m'Chiswahili, ine n'kumangogwedeza mutu. Mwana wa ku Nkhotakota angachite kuphunzitsidwa ndiwo za m'madzi?

Chimene chimaoneka ngati mutu chija ndi thumba, ndipo m'menemo muli matumbo, mitima itatu ndi kathumba ka inki. Umafunika kulitembenuza ngati sokosi n'kuchotsa zam'katizo mosamala. Ine ndinalitumbula ndi mpeni ngati chambo. Inki yakuda bii inathovukira pamalaya oyera amene ndinabwereka kwa msuweni.

Kenaka mchere. Nditangowaza, mwendo umodzi unapindika n'kundizinga padzanja, timakapu tomatira ta kunsi kwa mwendowo titandimata kuti kakaka. “Mayo ine, ufiti!” Beseni uko, ine panja, ana apanyumbapo ali gadaa ndi phwete. Si ufiti ayi. Nyamayi ili ndi maselo a mitsempha pafupifupi 500 miliyoni, ndipo magawo awiri mwa atatu ali m'miyendo isanu ndi itatu ija, osati mu ubongo. Ikangofa kumene, mchere umadzidzimutsa mitsemphayo, mwendo n'kugwira ntchito pawokha osafunsa mwini wake.

Mtima utakhala pansi ndinamuduladula n'kumukazinga mphindi 10 pamoto waukali. Apa ndiye ndinaonongeratu. Makolo akale a pweza anali ndi chigoba, monga alili mbale wake wa m'nyanja wotchedwa nautilus mpaka lero, koma iye anachitaya ndipo alibe fupa ngakhale limodzi. Chimene chimagwira thupi lake ndi minofu yolukanalukana, ndipo ukaipatsa moto wa phuma imakungika ngati lekeni. N'chifukwa chake asodzi amayamba amumenyetsa pamwala, ena amamugoneka mufiriji aume gwaa. Ukatero umamuwiritsa pamoto wochepa mphindi 45 mpaka ola, madzi pang'ono chifukwa amatulutsa ake, kufikira foloko italowa mosavuta kutsinde kwa mwendo. Amanyala pafupifupi theka, ndiye kilo imodzi si ya anthu asanu monga ndinkawerengera ine.

Tinatafuna, nsima mpaka kuzizira. Kenaka msuweni analuma kanthu kuti khwa! Unali mlomo wa pweza, wolimba ngati wa chinkhwe, umene umabisala pakati pomwe miyendo yakumana. Umangoukankha ndi chala chachikulu kuti utuluke usanaphike, ndipo ndikhulupirira mayi uja anandiuza zimenezo.

Msuweni analavulira m'dzanja, n'kuuyang'anitsitsa, n'kutuma mwana akagule chipsi mayai, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira. Atatero ndi pamene anafunsa kuti malaya ake oyera ali kuti.