Tamaliza, ndipo Amayi aja sindikudziwa ndiwathokoze bwanji

Ndangofika kumene, nsapato sindinavule, m'manja mukununkhabe kandulo ndi phulusa. Ndikagona kaye, mawa ndilemba ngati kalata ya ku ofesi, ndiye bola pompano.

Tamaliza abale. Masiku asanu a maphunziro ku TDC, malo ochitirako maphunziro a aphunzitsi, ndi aphunzitsi a sayansi a Sitandade 5 mpaka 8 a m'zoni mwathu. Mmene zinayendera mukudziwa kale. Ndalama zimene tinalonjezedwa sizinaoneke, magetsi anatithawa Lachiwiri, ine malungo n'kundigwetsa Lachitatu. Sindibwereza. Kuti tafika Lachisanu ndi chisomo cha Mulungu basi, ulemu ubwerere kwa Iye.

Zikomo a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni mwathu, potipatsa chipinda ndi choko. Zikomo alonda, munazungulira msika wonse kutola mabotolo a pulasitiki, anthu n'kumakuyang'anani ngati mwasokonekera. Amayi a komiti ya sukulu, nsima ndi nyemba zija ndi zimene zinagwira msonkhano, osati ine. Mayi a kunyumba, munandiperekeza kuchipatala usiku osadandaula, zikomo.

Koma Amayi aja opuma pa ntchito. Mwandiletsa kutchula dzina lanu, ndiye sinditchula, koma kukhala chete ayi. Kwa amene simukuwadziwa, anaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka zambiri, ndipo anachita nawo maphunziro a SMASSE ku Domasi, olimbikitsa kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi ku sekondale, aja anayamba kuno ku Malawi mu 2004 ndi thandizo la dziko la Japan. Nditawauza kuti ndilibe kanthu kowapatsa, anangofunsa kuti tiyamba nthawi yanji. Lolemba m'mawa anatsika pa kabaza ndi mtolo wa chitenje, mkati muli chidede chouma, mandimu, soda, malambe ndi phulusa la pamoto pawo.

Ife tonse TALULAR tinaiphunzira ku koleji, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo. Koma kunena zoona ambirife inathera pa matchati opachika pakhoma oyendera sukulu akamabwera. Amayi anawiritsa chidede, madzi ofiira aja n'kugawa m'mabotolo odula pakati. Wina afinyiremo ndimu, wina athiremo chidulo, chomwe chija timaphikira therere. La ndimu linafiira kwambiri, la chidulo linada n'kuyamba kubiriwira. Mphunzitsi wina wachinyamata anafulumira kunena kuti imeneyo ndi asidi ndi alikali. Amayi anakweza dzanja pang'ono. "Aphunzitsi, sindinafunse chimene mukudziwa. Ndafunsa chimene mwaona." Chipinda chonse zii. Kenako anati aliyense alembe kaye chimene akuganiza kuti malambe achita, sopo achita, asanathire. Kulemba kaye, kuyesa pambuyo. Sabata yonse inayenda choncho.

Lachitatu ndili chigonere, anatenga gawo langa popanda kuwapempha. Ndinamva kuti pafupifupi onse anavota kuti mwala wolemera ukamangidwa pa chingwe ulendewera mofulumira kuposa wopepuka. Anayesa ndi chingwe cha mita imodzi, kuwerenga maulendo 10 opita ndi kubwera pa wotchi ya foni, miyala yonse iwiri inatenga masekondi pafupifupi 20. Atafupikitsa chingwe kufika masentimita 25, nthawi inatsika kufika pafupifupi 10. Ahedi ena akuti anabwereza katatu osakhulupirira, Amayi angokhala pambali kuwagwirira chingwe.

Chimene chinandichititsa manyazi ine ndi cha kandulo, Lachinayi, ndikunjenjemerabe ndi mankhwala. Mukuchidziwa: kandulo woyaka m'mbale ya madzi, kuvundikira ndi botolo lagalasi, moto uzima, madzi akwera. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana kuti madziwo akulowa m'malo mwa okosijeni amene wapsa, popeza okosijeni ndi magawo 21 pa 100 a mpweya. Ndinanenanso chimodzimodzi pamaso pa aphunzitsi, molimba mtima. Amayi sananditsutse. Anangoti, "Mwanawe, tayatsa atatu tione." Botolo lomwelo, mpweya womwewo, koma madzi anakwera kupitirira poyamba. Nanga okosijeni wowonjezerayo wachokera kuti? Tinakangana mpaka nsima inazizira. Mphunzitsi wina wa Sitandade 6, amene sanayankhulepo chiyambire Lolemba, ndi amene anati waona tithovu tikutuluka pansi pa botolo povundikira. Mpweya ukatentha umafufuma, wina n'kuthawa, moto ukazima wotsalawo umazizira n'kunyala, madzi n'kukwera. Amayi zonsezi amazidziwa kalekale. Akanatha kutiuza pa mphindi imodzi, koma anadikira kuti tizione tokha, ndipo ine mtsogoleri wa msonkhano sanandinyazitse. Ana onse amene ndinawalembetsa zolakwika zija, pepani.

Pali ena anati zimenezi n'zosatheka m'kalasi yodzaza mpaka pakhomo. Nkhawayo ndi yoona, sindikuinyoza. Amayi anayankha kuti botolo limodzi pa gulu ndi funso limodzi labwino n'zokwanira, chovuta ndi pakamwa pa mphunzitsi, pamayabwa kupereka yankho. Ine panga pamayabwa kwambiri.

Kwa inu amene munaimba foni kufunsa kaye kuti alawansi ndi zingati, kenako foni zanu n'kusiya kupezeka, palibe mlandu. Mabotolo anu tasunga, alipo m'katoni kwa alonda.

Aphunzitsi amene munabwera ndi thiransipoti ya m'thumba mwanu, ena pa njinga kuchokera kutali, Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa. Musaiwale nyemba zija tadzala m'mabotolo, lina lili padzuwa, lina m'kabati, lina lopanda madzi. Muziyeza ndi rula tsiku lililonse, tidzafananize manambala tikakumananso.

Amayi, ndinayesa kukupatsani ya kabaza pobwerera, munandibwezera m'thumba la malaya muli kuseka. Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu m'mawondo amene mumadandaula nawo aja. Poto wanu wowiritsira chidede mwamuiwala ku TDC, ndamutenga. Ndibwera naye Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, pamodzi ndi nkhuku, ndipo imeneyo musakane.