Zaka zosowa pa CV

Sabata ino ku ofesi kwathu kuno ku Zomba timafuna wothandizira akauntanti. Ine ndimaona za anthu olembedwa ntchito, ndiye makalata onse amayamba afika pa tebulo langa.

Lolemba ndi Lachiwiri tinkasankha oti tiwaitane. Abwana athu akaona zaka ziwiri zopanda kanthu pa CV, kalatayo amaiika pambali. Amaganiza kuti munthuyo anachotsedwa chifukwa cha kuba kapena mowa, apo ayi ntchito anaiiwala. Pa ntchito yogwira ndalama mantha amenewa ndimawamvetsa. Komabe ndinawapempha kuti, "Bwana, tayang'anani kaye zakazo." Ena anakhala pansi mu 2020, nthawi ya Covid-19. Ena mu 2023, namondwe wa Freddy atasakaza chigawo chakummwera. Ena mu 2025, boma la America litaimitsa thandizo la USAID, mapulojekiti n'kutsekedwa. Ntchito za m'mabungwe n'zakontirakiti. Ndalama zikatha, aliyense amanyamula zake ngakhale akhale wolimbikira chotani.

Lachitatu kunali intavyu. Ndinafunsa mayi wina wa ku Chinamwali kuti, "Mayi, kuchokera 2021 kufika 2024 munali kuti?" Sanazengereze. Amayi awo anadwala sitiroko, ndiye iwo anali gadiyani ku chipatala cha Zomba Central, kenako n'kumawasamalira kunyumba. Amene anadikirirapo wodwala akudziwa: kuphika, kuchapa, kumutembenuza usiku, ndipo kawirikawiri udindowu umagwera mwana wamkazi. Pamenepo n'kuti akugulitsanso mpunga wa ku Chilwa komanso akusunga mabuku a banki mkhonde ya kudera kwawo. Kope lake anabwera nalo. Magawo, ngongole, chiwongoladzanja, zonse zinali m'malo mwake, mwezi ndi mwezi. Zinandikhudza kuti munthu wotere akanatsala pa mulu wa okanidwa popanda womufunsa.

Mnyamata wina anasankha kubisa. Anawonjezera chaka chathunthu pa nthawi imene anagwira kumene anachokera. Lachinayi ndinaimba foni kumeneko, zoona zake zinadziwika nthawi yomweyo, poti Zomba ndi yaing'ono ndipo timadziwana. Chikhala analemba kuti chaka chimenecho ankafunafuna ntchito, akanakhalabe pa mndandanda. Malamulo a ntchito a 2000 amalola wosiya ntchito kupempha satifiketi yosonyeza kutalika kwa nthawi imene anagwira ntchito pamalopo, ndipo ikanamuthandiza.

Lachisanu komiti inakangana mpaka masana. Nkhawa ya abwana inali yomveka: misonkho ya pa malipiro (PAYE) ku MRA imasinthasintha, kodi mayi aja akutsatira? Tinawaitananso n'kuwakhazika pa kompyuta kuti awerengetsere malipiro a antchito asanu. Anakhoza onse. Ayamba mwezi wamawa, miyezi itatu yoyamba ikhala yowayesa. Abwana avomeranso kuti pa fomu yofunsira ntchito tiikepo malo oti munthu afotokoze zimene ankachita pa nthawi imene sanali pa ntchito.