Django, Laravel kapena React: mmene ndasankhira

Anzanga amene tikuphunzira nawo kulemba mapulogalamu onse akuthamangira React, chimodzi mwa zida zopangira mawebusayiti. Ine ndatenga chida china, Django, pa webusayiti imene ndikuwapangira azakhali anga, omwe ali ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi.

React inatulutsidwa ndi Facebook mu 2013, ndipo ntchito yake ndi zimene munthu amaona pa sikirini basi. Za database (mosungira zolemba zonse za webusayiti), kulowa ndi pasiwedi, kusunga mayina a osungitsa zipinda, zonsezo ukazifune kwina. Komanso tsamba la React, ukalipanga mwa nthawi zonse, limayamba latumiza mulu wa malangizo olembedwa m'chinenero cha JavaScript ku foni, foniyo n'kumanga tsambalo yokha. Ndiye taganizani mlendo ali m'minibasi kuchokera ku Liwonde, netiweki ikubwera n'kuthawa, bandulo yatsala pang'ono. Aona sikirini yoyera mbee, atopa, aimbira malo ena.

Laravel, yomwe ndi chida chinanso, inandikopa ndithu. Taylor Otwell anaitulutsa mu 2011, imayendera chinenero cholembera mapulogalamu cha PHP, ndipo hosting (malo obwereka osungira webusayiti pa intaneti) yotchipa yambiri imalola PHP popanda vuto. Django imafuna chinenero cha Python pa seva (kompyuta yosunga webusayiti), ndiye kuiika kumakhala ndi kantchito. Pamenepa Laravel yaposa, sindikana. Kungoti Python ndinaiyamba kale, pomwe PHP ndikanayambira pansi.

Chinandimaliza ndi admin ya Django, tsamba loyendetserapo zinthu za pa webusayiti. Django inabadwira ku nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, ku America, ndipo inaperekedwa kwa anthu onse mu 2005. Kunyuzipepala nkhani sizidikira wolemba mapulogalamu, n'chifukwa chake imabwera ndi malo oti munthu wamba azilowetsa zinthu yekha. Ndinalemba model (ndondomeko ya zoti zisungidwe) ya chipinda, yokhala ndi dzina, mtengo ndi chithunzi, n'kuilembetsa mu fayilo ya admin.py. Tsamba losinthira mitengo linangotulukira lokha. Azakhali anakoka laputopu, magalasi ali pamphuno, n'kusintha mtengo wa chipinda choyang'ana kunyanja. "Iwe, basi zatha? Ine ndimayesa ndizikuimbira foni tsiku lililonse." Mitengo imakwera pa Khirisimasi ndi pa Isitala, ndipo si nthawi zonse pamene ine ndidzakhale pafupi.

Chatsala ndi zolipira. Kulumikiza Airtel Money ndi Mpamba ku webusayiti ndi phunziro lina palokha. Pakadali pano mlendo azitumiza ndalama yekha n'kulemba nambala ya mu uthenga wotsimikiza pa fomu, azakhali aziiyerekeza ndi ya pa foni yawo asanam'sungire chipinda.