Makina oyankha foni ndi mawu a ku Senga Bay

Kampani yathu yaing'ono kuno ku Salima ikupanga pulogalamu ya AI (nzeru zopangidwa ndi anthu zogwira ntchito pa kompyuta) yoyankha mafoni a makasitomala m'Chichewa, chifukwa amayi ambiri ogula usipa ku Senga Bay amakonda kulankhula kusiyana ndi kulemba uthenga. Makinawa amasandutsa zolankhula kukhala zilembo, kenako amapeza yankho n'kulinena. Chovuta ndi kamvekedwe ka liwu, pakuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa nsomba amalembedwa mofanana koma amatchulidwa mosiyana.

Sabata yatha mayi ena anaimba ali pagombe, mwera ukuwomba, ndipo makinawo sanawamve ngakhale anabwereza katatu. Zinandipweteka mtima kwambiri. Tsopano tikujambula mawu a asodzi amene atilola, ndipo ndaimitsa kaye zolemba ntchito otsatsa malonda mpaka makinawo azimva bwino.